Sola Inabadwira M'madzi

Basi ikaima pa Nyimba, azimayi a nthochi amafika pawindo musanawongole n'komwe miyendo. Mukagula, kwezani maso kumadenga: kapanelo ka sola apa, kena uko. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, ambiri a ife m'tauni tinakafuna tomweto, chifukwa malaiti ankapita tsiku lonse.

Anayambitsa zimenezi ndi mnyamata wa zaka 19. Mu 1839, ku Paris, Edmond Becquerel ankathandiza bambo ake mu labotale. Anamiza tizitsulo tiwiri ta platinamu m'madzi a asidi, kamodzi atakapaka silver chloride, n'kutilumikiza ndi waya. Kuwala kukagwera pa kopakidwako, magetsi ankayenda. Chifukwa chake sanachidziwe, ndipo sitingamunene: electron, kanthu kamene kamanyamula magetsiwo, J.J. Thomson anadzakatulukira mu 1897.

Kuwala kumapatsa electron mphamvu, iyo n'kudumpha kuchoka pa chinthu china kupita pa china. Koma madziwo si oonerera chabe. Mu 1956 Rudolph Marcus anasonyeza kuti mamolekyu a madzi ozungulira ayenera kutembenuka kaye, kukonza malo, electron isanadumphe. Zili ngati mu minibasi: simukhala mpaka anzanu atasendera. Mphoto ya Nobel inamupeza mu 1992, patapita zaka 36. Ine ndikanatopa kudikira.

Mapanelo a pa Nyimba sanatsate njira ya madzi. Ndi a silicon, ouma gwa, zidzukulu za selo ya ku Bell Labs ya mu 1954, imene inkasandutsa 6 peresenti yokha ya kuwala kukhala magetsi. Koma mu 1991 Brian O'Regan ndi Michael Grätzel anabwerera kwa Becquerel. Anapaka utoto pa titanium dioxide. Dzuwa likamenya, utotowo umataya electron, ndipo madzi okhala ndi iodine amaubwezera ina. Zopangira zake n'zotchipa, koma madzi otsekeredwa m'galasi amadontha kapena kuuma, nanga padenga la malata mu Okutobala angalimbe?

Nzeru ya utotoyo anaitengera ku tsamba. Tsamba la nthochi limatchera kuwala ndi utoto wake wobiriwira, limalanda ma electron m'madzi ochokera kumizu, n'kutulutsa mpweya umene tikupumawu. Mphamvuyo limaisunga mu shuga, yemwe munamugula pawindo uja.