Harrier Si Prado: Mawu a Galimoto ndi Matope a ku Malingunde

Pa msika wa Mitundu kapena pa siteji ya Nathenje, galimoto iliyonse yaitali, yamatayala akuluakulu, imangotchedwa 4 by 4. Prado ndi 4 by 4, Harrier ndi 4 by 4, X5 nayonso chimodzimodzi. M'chilimwe dzinali silivuta munthu. Limavuta mu Januwale, katondo akanyowa m'tinjira topatukira m'midzi ya ku Malingunde, kufupi ndi madamu a Kamuzu, pamene galimoto ina imadutsa ina n'kutitimira, chonsecho maonekedwe n'ngofanana.

Kusiyana kumayambira pa chasisi. Prado ndi Hilux zili ndi zitsulo ziwiri zazitali zolumikizana ngati makwerero ogoneka, ndipo bodi imamangidwa pamwamba pake ndi mabawuti. Galimoto zimene amalonda amazitcha crossover zilibe zitsulo zimenezo. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula injini, mawilo ndi anthu, monga zimakhalira pa Corolla kapena Camry. Akatswiri amati monocoque. Ubwino wake ndi wakuti galimoto imapepuka, imayenda mwamyaa pa tala, sigwedezeka pa kona. Kuipa kwake n'kwakuti ikapindika pa ngozi, kapena ikazunzika zaka zambiri m'maenje itasenza matumba a fetereza, kuiwongola n'kovuta.

Nzeru imeneyi inatchuka ndi magalimoto ang'onoang'ono, RAV4 mu 1994 ndi Honda CR-V mu 1995. Chachilendo chinabwera mu Disembala 1997, pamene a Toyota anatulutsa Harrier ku Japan. Pansi pake panali pa mtundu wa Camry, injini inali ya malita 2.2 kapena V6 ya malita 3.0, ndipo pamphuno anaikapo chizindikiro cha mbalame yamtundu wa kabawi. Chaka chotsatira galimoto yomweyo inagulitsidwa ku America ndi dzina la Lexus RX 300. Anaipangira munthu wofuna kukhala pamwamba n'kumaona msewu bwino, koma amene sadzapondako kuthengo.

Opikisana nawo sanachedwe. Mercedes-Benz ML, yopangidwira ku Alabama, inatuluka mu 1997 momwemo, koma iyo inali ikadali ndi chasisi yapayokha. BMW X5 inabwera mu 1999 kuchokera ku South Carolina, ndipo 2002 inali chaka cha chipwirikiti: Nissan Murano, Volvo XC90, Volkswagen Touareg ndi Porsche Cayenne. Pofika 2005 a Mercedes nawonso anataya chasisi ija pa ML yachiwiri, ndipo mu 2015 dzina la ML analisintha kukhala GLE. Kunena mosapsatira, mpikisanowu anapambana ndi a Toyota, chifukwa ngakhale Ajeremani anavomereza kuti ogula ambiri akufuna maonekedwe a kuthengo okha, osati zitsulo zake.

Pali chinthu china chimene ogulitsa ena amachizembaitsa. Harrier yoyamba ndi yachiwiri ya 2003 zinalidi galimoto imodzi ndi Lexus RX. Koma mu 2009 RX yatsopano inayamba kugulitsidwa ku Japan ndi dzina lakelake, Harrier yakale n'kumapitirira mpaka 2013. Yachitatu, ya 2013, inamangidwa pa maziko a RAV4 ndi injini ya malita 2.0, ndipo yachinayi ya 2020 ku America anaidziwa ngati Venza. Choncho wina akamata chizindikiro cha Lexus pa Harrier ya 2015 n'kumati ndi zofanana, dziwani kuti masipeya ake akamutsutsa.

Tsopano za mawilo. 2WD ndiye kuti akukoka ndi mawilo awiri okha, ndipo pa Harrier ndi akutsogolo. Ma Harrier ambiri ochokera ku Japan ndi otero, ngakhale eni ake ena sadziwa. AWD ndi pamene mphamvu imafika ku mawilo onse anayi galimoto ikumagawa yokha, woyendetsa osakhudza kanthu. Chimene Prado ili nacho, chimene Harrier ilibe ngakhale ikhale ya AWD, ndi giya ya low range, ija yolembedwa L4, imene imachititsa galimoto kukwawa pang'onopang'ono koma mwamphamvu, mawilo osapalasa.

Makaniko wa ku Biwi safunsa mapepala kuti adziwe zimenezi. Amayala katoni pansi, n'kugona chagada, tochi ya pa foni ili m'manja. Akufuna propushafuti, chitsulo chachitali chobulungira chochoka kutsogolo kupita ku difu ya kumbuyo. Akaona pali paipi ya utsi yokha, amadzuka, n'kusasa fumbi n'kunena kuti, "Bwana, iyi njam'tauni." Ali pomwepo amayang'ananso sampu, chibekete cha oilo cha pansi pa injini, ngati sinaphwanyidwe ndi mwala, poti kutalika kwa denga sikutanthauza kuti mimba ya galimoto ili kutali ndi nthaka. Yosokoneza ndi Harrier Hybrid imene inayamba mu 2005: ilibe propushafuti, koma mawilo akumbuyo amazunguzidwa ndi mota ya magetsi.

Mawu ena ndi a m'thumba. CC ndi kukula kwa injini, 2.4 ndiye pafupifupi 2,400cc. A MRA powerengera dyuti amayang'ana kukula kumeneku pamodzi ndi zaka za galimoto, n'chifukwa chake V6 yooneka yotchipa pa Be Forward imadzakhala yodula ikafika pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam itavala nambala ya IT. Giredi ndi mamalikisi amene oyendera pa okushoni ku Japan amapereka: 4 kapena 4.5 ndi yabwino, pamene R ndi imene inakonzedwapo itachita ngozi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso anthu atazolowera kugona pa mizere ya mafuta, injini ya malita 3.0 inasiya kukhala chonyadira. Mlimi amene wagulitsa bwino fodya ku Kanengo masiku ano amayamba wafunsa kuti imamwa bwanji.

Chomwe chimapha magalimoto amenewa kumudzi kawirikawiri ndi zinthu zomwe zija zinawapatsa ulemu. Mashoko a mpweya, amene ali pa Harrier ya AIRS, pa ma ML ena ndi ma X5 ena, amakoma pa M1, koma fumbi ndi timiyala zikaboola kathumba ka labala, mumadzuka m'mawa galimoto itagwada mbali imodzi. Ambiri amangochotsa n'kuikamo masipuling'i wamba. Giyabokosi ya CVT, ya pa ma Murano ambiri ndi ma Harrier ambiri a 2.0, ilibe magiya osinthana; ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Imafuna oilo wakewake. Mukathiramo ATF ya otomatiki wamba, kapena mukaiumiriza ndi moto wambiri itatitimira m'dambo, lambayo amatentha n'kuyamba kutsetsereka, ndipo mtengo wa giyabokosi ina umaposa kutali ndalama imene mukanalipira thirakitala kapena ng'ombe zokukokani.