Phungu wa Mwana Wojomba ku Chigwa cha Shire

M'kaundula wa sukulu mwana amene sanabwere alembedwa ndi chizindikiro chimodzi, ngakhale zifukwa zikhale makumi awiri. Wodwala malungo, wopita kukaingitsa mbalame m'munda wa mapira, wotsekerezedwa ndi madzi tsidya la mtsinje, ndi wothawa mkwapulo wa dzulo, onsewa kaundula awayesa amodzi. Ntchito yofunsa chimene chili kuseri kwa chizindikirocho ndiyo itchedwa uphungu kapena ulangizi masiku ano. Ambiri ayesa kuti ntchito imeneyi inabwera ndi mabuku a ku Ulaya ndi ku America, koma mbiri ya boma la Nsanje, limene pa nthawi ya Atsamunda linkatchedwa Port Herald, ionetsa zina.

Mawu akuti phungu sanabadwire m'kalasi, ngakhale ku Nyumba ya Malamulo kumene amveka kawirikawiri lero. Kwawo nkutsimba. Pa chinamwali pakhala namkungwi ndi phungu, ndipo ntchito zawo zisiyana. Namkungwi ndiye mwini mwambo: alangiza anamwali onse pamodzi, ayambitsa nyimbo, nadziwa chimene chiyenera kutsata chinzake. Phungu ali ndi namwali mmodzi yekha. Akhala naye pafupi, ammasulira zimene sanamve, namlankhulira akalakwa. Ndipo mwambo utatha sasiyana ayi, pakuti namwaliyo akadzapeza vuto m'banja kapena m'mudzi, kwa phungu wake ndiko athamangira. Akuluakulu anazindikira kuti wolangiza gulu sangathe kuona chimene chisautsa mwana mmodzi. Sukulu itafika inatenga udindo wa namkungwi niupatsa mphunzitsi, koma wa phungu inauiwala, ndipo zaka zoposa zana zapita ikuufunafuna.

Sukulu yoyamba m'chigwachi sinakhalitse. Amishoni a U.M.C.A. atachoka ku Magomero mu 1862 anakhala kanthawi pa mudzi wa Chibisa ku Chikwawa, naphunzitsa ana amene anawomboledwa kwa ogula akapolo, mpaka njala, nkhondo ndi malungo zinawachotsapo. Za kujomba panalibe, popeza anawo analibe kwina kopita. Vutoli linayamba pamene sukulu inalowa m'midzi ya anthu okhala ndi minda yawo ndi miyambo yawo. A South Africa General Mission anamanga pa Lulwe mu 1900, ndipo pambuyo pake anakhazikika pa Chididi, kumapiri a kuzambwe kwa Port Herald. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Chikwawa mu 1918 ndi ya Port Herald mu 1921. Kuchokera m'malo amenewa timasukulu ta udzu tinafalikira m'midzi, kalikonse ndi mphunzitsi wake mmodzi, amenenso anali mlaliki.

Mphunzitsi ameneyu anali ndi njira ziwiri zokha: kutuma anyamata aakulu kukagwira ojomba, ndi kuwalanga atabwera nawo. Chilango cha ntchito, monga kukumba dzenje, kusenza udzu wofolera kapena kulima munda wa sukulu, chitchedwa chibalo m'sukulu kufikira lero. M'chigwamo mawu amenewa anali olemera, chifukwa Asena ambiri anaoloka malire pothawa chibalo chenicheni, ndiyo ntchito yokakamiza ya boma la Apwitikizi, makamaka itatha nkhondo ya Makombe ya mu 1917. Kholo limene linasiya manda a makolo ake pothawa chibalo silikanakondwa kumva kuti mwana wake wachipezanso pa bwalo la sukulu.

Komatu mdani wamkulu wa kaundula sanali mantha. Linali thonje. Mu 1923 boma linapangana ndi British Cotton Growing Association kuti izigula thonje la alimi pa mtengo wodziwikiratu, ndipo m'zaka zotsatira chigwa cha Shire ndicho chinali munda waukulu wa thonje wa Nyasaland. Thonje lifuna manja ambiri popalira ndi potola, ndipo manja a ana sachepa pa ntchito yotola. Elias Mandala, amene analemba mbiri ya chigwachi m'buku lake la mu 1990, analongosola za magulu a achinyamata otchedwa nomi. Anyamata ndi atsikana a mudzi umodzi ankasonkhana, nasankha atsogoleri awo, namagwira ganyu pamodzi m'minda ya eni thonje. Malipiro ankasungidwa pamodzi, ndipo pakutha pa nyengo ankachita phwando la kudya ndi kuvina.

Apa mpofunika kuima pang'ono, pakuti mpamene cholakwa cha sukulu chionekera bwino. Mwana amene mphunzitsi anamlemba kuti waulesi anali atadzuka tambala woyamba, nalima mzere wake dzuwa la ku Nsanje likuotcha msana, namvera mtsogoleri wa msinkhu wake popanda mkwapulo. Ulesi unalibe malo mwa iye. Iye anasankha pakati pa masukulu awiri, natsata imene inamdziwa ndi dzina, imene kusowa kwake kunkaoneka pa mzere wa makasu, ndi imene mphotho yake inali yooneka ndi maso. Sukulu ya mishoni inkalonjeza ukalaliki kapena uphunzitsi kwa mmodzi mwa ambiri, patapita zaka. Nomi inkalonjeza nsalu ndi phwando chaka chomwecho. Mphunzitsi amene sanafunse kumene mwana wapita sakanadziwa kuti ali kupikisana ndi yani.

Kumbali ya boma, ganizo lakuti mphunzitsi ayenera kudziwa mudzi linalimba bungwe la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924. Nthambi ya boma yoyang'anira maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, ndipo mu 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi. Dzinalo nla mayi Anna Jeanes wa ku Philadelphia, amene mu 1907 anapereka chuma chake kuti chithandize sukulu za m'midzi za anthu akuda kum'mwera kwa United States. Amishoni ankatumiza ku Domasi aphunzitsi ozolowera ntchito pamodzi ndi akazi awo, ndipo atatha maphunziro ankabwerera kwawo kukakhala aphunzitsi oyendayenda. Mwamuna ankayendera sukulu za m'midzi, nakhala pansi ndi mfumu ndi makolo. Mkazi ankaphunzitsa amayi za ukhondo ndi kaleredwe ka ana. Kuyambira mu 1934 mafumu nawonso ankaitanidwa ku maphunziro a ku Domasi. Mphunzitsi wa Jeanes sanatchedwe phungu, koma ndiye woyamba amene dongosolo la maphunziro linamtuma kuti atuluke m'kalasi nakakhale pa khonde la kholo. Chofooka chake chinali chakuti anali ochepa, maulendo anali aatali, ndipo malipoti ankafuna chiwerengero cha zimbudzi ndi maenje a zinyalala koposa nkhani ya mwana mmodzi. Amene atumidwa kukawerenga samva zambiri.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera, mtsinje wa Shire unasefukira, numiza madimba ambiri. Dambo la Ndindi ndi la Dabanyi, limene Azungu analitcha Elephant Marsh, anakula. Thonje linagwa. Amuna anayamba ulendo wa ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo njala ya mu 1949 inapeza mabanja ambiri opanda bambo. Zifukwa za kujomba zinasintha nkhope. Mtsikana anatsala kulera ang'ono ake pamene mayi ali kumunda, ndipo mnyamata anatenga bwato ndi ukonde. Tsono mnyamata amene agona pa madzi usiku, nagulitsa nsomba m'mawa, nadyetsa mayi wake ndi ndalama yake, sagwada msanga pamaso pa mphunzitsi amene amkalipira chifukwa cha kuchedwa. Zambiri zimene zinalembedwa kuti mwano zinali ulemu wa mwana amene anakula isanakwane nthawi.

Chinanso chimene chasokonezedwa ndi mwano ndicho chiyankhulo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mwana wa Chisena wolowa Sitandade 1 anapeza kuti mawu a kwawo alibe malo m'buku. Chisena ndi Chichewa nzapachibale, koma chibalecho ndicho chinyenga, pakuti mphunzitsi ayesa kuti mwana wamva pamene sanamve. Msena akalandira chinthu ati "takhuta", ndiko kunena kuti zikomo. Mphunzitsi wochokera ku Dowa kapena ku Kasungu, amene sanauzidwe, angayese kuti mwanayo akukana kapena akumseka. Mwana wodzudzulidwa pa mawu a mayi wake aphunzira kukhala chete, ndipo chete wakeyo atchedwanso liuma. Kalata ya boma ya mu 1996 inaloleza kuphunzitsa m'chiyankhulo cha kwawo kwa ana kuyambira Sitandade 1 mpaka 4, koma mabuku ake sanafike m'manja mwa ambiri. Panalinso ana osalemba za pa bolodi chifukwa sankaziona: nthenda ya maso ya trachoma inasautsa chigwachi zaka zambiri, kufikira bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi waigonjetsa.

Kuyambira mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inathira anthu ochuluka m'boma la Nsanje, kotero kuti pa nthawi ina othawa nkhondo anaposa eni boma kuchuluka, ndipo msasa wa Mankhokwe unali ngati mzinda. Ana amene anaona midzi yawo ikupsa anakhala pansi pa mtengo kuphunzira a, e, i, o, u. Ena ankadzidzimuka chitseko chikamenyeka, ena ankamenya anzawo popanda chifukwa chooneka. Nkhondoyo inatha mu 1992 ndipo ambiri anabwerera, koma aphunzitsi a nthawiyo anali ataona ndi maso kuti pali khalidwe lina limene mkwapulo ungolikulitsa.

Zaka ziwiri zotsatira zinasintha zambiri. Mu 1993 boma linalola kuti mtsikana amene wasiya sukulu chifukwa cha pakati abwerere atabereka. Kale lonse njira yake inkathera pomwepo. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'dziko lonse chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Aphunzitsi zikwi zambiri analembedwa ntchito asanaphunzire uphunzitsi. Chitseko chinatseguka, koma m'kalasi ya ana oposa zana mphunzitsi sangadziwe nkhope zonse, ndipo mwana angathe kusowa mwezi wathunthu osafunsidwa. Ntchito ya namkungwi inakula kwambiri pa nthawi yomweyo imene ya phungu inafunika koposa.

M'zaka zomwezo nduna za maphunziro za maiko a mu Africa, mothandizana ndi UNESCO, zinagwirizana zolimbikitsa uphungu m'sukulu, ndipo likulu la ntchitoyo linamangidwa ku Lilongwe. Malamulo nawo anatsata: la maphunziro la mu 2013 linati pulayimale njokakamiza, la ukwati la mu 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo siliyenda pansi. M'sukulu zambiri za kumudzi mulibe munthu wolembedwa ntchito ya uphungu yokha. Mphunzitsi wamkulu asankha mmodzi kapena awiri mwa aphunzitsi ake, nawasenzetsa udindowo pamwamba pa kalasi yawo. Amene ayenda pansi kwenikweni ndiwo magulu a amayi a pa sukulu. Amayi amenewa salipidwa, ndipo ena a iwo sanafike patali ndi sukulu, koma adziwa khomo lililonse, alankhula chiyankhulo cha mwanayo, ndipo angathe kufunsa mtsikana zimene mphunzitsi wamwamuna sangafunse, monga za kumwezi kapena za mwamuna amene wayamba kubwera pakhomo ndi sopo. Akalephera apita kwa nyakwawa. Pa onse amene mbiri iyi yawatchula, iwowa ndiwo afanana koposa ndi phungu wa kutsimba, ndipo mphunzitsi wanzeru sawayesa ongophika phala.

Ntchito ya mphunzitsi wosankhidwa uphungu iyamba ndi kaundula yemweyo, koma womuwerenga mwa njira ina. Kujomba kwa tsiku la msika kunena za ganyu kapena malonda. Kwa masiku atatu kapena anayi mwezi ndi mwezi mwa mtsikana wamkulu kunena za kusowa nsalu ndi chimbudzi chobisika. Kwa Januwale ndi Febuluwale kunena za njala kapena madzi, ndipo kwa tsiku lotsata chilango kunena za mphunzitsi mwini. Atazindikira zimenezi aitana mwanayo payekha, osati pamaso pa anzake, namfunsa asanamweruze. Kenaka apita kwa makolo ngati mlendo, osati ngati mesenjala wa boma. Zimene wamva azisunga. Phungu amene aulula za mwana m'chipinda cha aphunzitsi sadzauzidwanso kanthu, ndipo mbiri yotere ithamanga m'sukulu koposa belu.

Madzi sanaleke kuyesa ntchito imeneyi. Mu Januwale 2015 chigumula chinadula dera la Makhanga, ndipo sukulu zambiri za m'boma la Nsanje zinasanduka misasa, mabanja nagona m'makalasi. Namondwe Idai anabwera mu 2019, Ana mu 2022, ndipo mu Malichi 2023 Freddy anatseketsa sukulu za m'maboma a kum'mwera kwa masabata angapo. Sukulu zikatsegulidwa pambuyo pa madzi, maina ena m'kaundula sayankha. Ena mwa anawo ali ku msasa ku Bangula, ena anapita kwa achibale tsidya la malire, ena mabuku ndi yunifolomu zinapita ndi madzi ndipo achita manyazi kubwera, ndipo pali atsikana amene anakwatiwa ali ku msasa komweko. Dzina lililonse lifuna ulendo wakewake, ndipo ku Makhanga ndi kwa Nyachikadza ulendowo ngwa pa bwato.