Zipangizo zoyang'anira mtima pambuyo pa opaleshoni: ophunzira akuthandizapo bwanji?

Mtima wanu umagunda chifukwa cha timphamvu ta magetsi timene umapanga wokha. Mwa munthu wamkulu amene wangokhala, umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Opaleshoni ya mtima, makamaka yokonza mavalavu, imatha kusokoneza njira za timagetsi timeneti, ndipo mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono kapena modumphadumpha.

N'chifukwa chake madokotala, asanatseke chifuwa, amasokerera timawaya pamwamba pa mtima. Timawayato timatulukira pakhungu m'munsi mwa chifuwa n'kulumikizidwa ku kabokosi kotchedwa pacemaker, kamene kamagunditsa mtima ukamachedwa. Pakapita masiku ochepa amatisolola, mosamala kwambiri chifukwa magazi atha kutuluka mkati.

Kabokosika kanabadwa chifukwa cha vuto limene inu mukulidziwa bwino: kuzima kwa magetsi. Pa 31 Okutobala 1957 magetsi anazima ku Minneapolis, ku America, ndipo makina ogunditsa mtima a nthawiyo ankadalira soketi ya kukhoma. Dokotala C. Walton Lillehei anapempha injiniya Earl Bakken kuti apange oyendera batire, ndipo patangotha milungu inayi anali atapanga.

Kugunditsa mtima ndi mbali imodzi, ina ndi kuupima. Makina a ECG amajambula kagundidwe ka mtima, koma pamafunika katswiri woti awerenge zojambulazo. Ku Cameroon, Arthur Zang anaganizira vutoli ali pasukulu ya uinjiniya ku Yaoundé, n'kupanga Cardiopad. Namwino wa kumudzi amamata timawaya pachifuwa cha wodwala, kenako zotsatira zimapita pa netiweki ya foni kwa dokotala wa mtima ali mumzinda. Zang analandira nayo mphoto ya Rolex mu 2014.

Kuno kwathu chitsanzo chodziwika si cha mtima ayi, koma cha kupuma. Makina a Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane, anayambidwa ndi ophunzira a Rice University ku America mogwirizana ndi madokotala a chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Anagwiritsa ntchito mapampu a m'matanki owetera nsomba. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2014 anapeza kuti makanda 71 pa 100 alionse oikidwa pa makinawa anapulumuka, pamene mwa ongopatsidwa okosijeni anapulumuka 44. Lero MUBAS ndi MUST zikuphunzitsa uinjiniya wa zipangizo zachipatala. Komabe chipangizo cha wophunzira sichiikidwa pa wodwala chisanayesedwe ndi kuvomerezedwa, ndipo chokhudza mtima chimayesedwa zaka.

Taganizirani za Dzaleka ku Dowa, kampu ya anthu othawa kwawo imene inatsegulidwa mu 1994 ndipo pano muli anthu oposa 50,000. Wodwala mtima kumeneko, kapena kumapiri a Ntchisi, amatumizidwa ku chipatala cha boma, kenako ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kwa munthu wotero, chipangizo chopima mtima pafupi ndi kwawo n'chofunika msanga kuposa china chilichonse, chifukwa akabwerako ku opaleshoni mtima umafunikabe kuuyang'anira.

Ngati muli ndi m'bale wochitidwa opaleshoni ya mtima, phunzirani kuwerenga kugunda kwake: ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Akamachita chizungulire, kukomoka, kubanika, kutentha thupi, kapena bala likamatuluka mafinya, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga buku lake la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa.