Nyali ya ku Macuti ndi njanji ya pa Kamwala

Mkangano unayamba pa Sondo masana titatsiliza kudya. Amalume anali atagula Noah yakale, ndipo anafuna kuti pa holide ya August banja lonse licokeko mu Chilenje. Ana aang'ono anakuwa kuti ku Livingstone. Amai anati ku Siavonga, cifukwa ndi pafupi ndipo mafuta adula. Ambuya, amene nthawi zambili amangomvetsela, anati iwo afuna kukaona nsanja ya nyali ku Beira.

"Ambuya, tiyende makilomita opitilila 1,000 kukaona cabe cipilala?" anafunsa mlongo wanga.

"Pamene n'nayamba nchito ya njanji ku Kabwe mu 1962, mabogi a kopa anali kupita pamaso panga tsiku lililonse. Ambili anali kupita ku Beira," anatelo ambuya. "Kopa inafika kunyanja, ine sin'nafikeko."

Nchito yopeza njila ndi kuwelengela ndalama anapatsa ine. Powelenga za njila, n'napeza kuti nsanja ija ili mkati mwa mbili ya Lusaka kuposa mmene ambili a ife tidziwila.

Ife a dziko lopanda nyanja ya mcele tiyenela kuyamba ndi funso lakuti nsanja yotele ndi ya ciani. Usiku panyanja kulibe msewu, kulibe cikwangwani. Woyendetsa combo afunika kudziwa kumene kuli mtunda, miyala ndi mcenga. Conco anthu anayamba kumanga nsanja zazitali m'mbali mwa nyanja ndi kuyatsa moto pamwamba pake. Yochuka kwambili m'nthawi zakale inali mu Africa muno, pa cisumbu ca Pharos ku Alexandria, m'dziko la Egypt. Inamangidwa ca m'ma 280 BC, inali yotalika mamita opitilila 100, ndipo inagwa ndi zivomezi patapita zaka zoposa 1,000. Dzina la cisumbuco silinafe. Mu Cipwitikizi nsanja yotele imachedwa farol, liu locokela ku Pharos, ndipo ndi liu limene mudzafunsila njila mukafika ku Mozambique.

Moto wa nkhuni unalowedwa m'malo ndi nyali za mafuta, kenako magetsi. Kusintha kwakukulu kunabwela ndi Mfalansa wina, Augustin Fresnel, amene anapanga galasi losema mizele yozungulila. Galasilo limasonkhanitsa kuwala kobalalika n'kukuponya kutali ngati muvi umodzi. Linayamba kugwila nchito ku France mu 1823. Nsanja iliyonse inapatsidwanso kathwanimidwe kake, kuti woyendetsa combo akawelenga masekondi a pakati pa kuthwanima adziwe doko limene ali pafupi nalo.

Beira anafunika nyali yotele kwambili. Mzindawu uli pamalo otsika, pamene mitsinje ya Pungwe ndi Buzi ilowela m'nyanja. Mitsinjeyo imabweletsa matope ndi mcenga zimene zimaunjikana pansi pa madzi, ndipo madzi amakwela ndi kuphwa mamita angapo tsiku lililonse. Gombe lake ndi lathyathyathya, lopanda phili limene munthu angaone ali kutali. Apwitikizi anamanga kampu ya asilikali pamenepo mu 1887, caka cimene anabadwa mwana wa mfumu yawo, Luís Filipe, amene udindo wake unali Kalonga wa Beira. Kuyambila m'ma 1890 mpaka 1942, dela lonselo silinali kulamulidwa mwacindunji ndi boma la Portugal. Linali m'manja mwa kampani, Companhia de Moçambique, imene ndalama zake zambili zinali za Angelezi ndi Afalansa. Kampaniyo inali kukhometsa msonkho, inali ndi apolisi ake, masitampa ake ndi ndalama zake. Nsanja ya ku Macuti inamangidwa mu 1904, nthawi ya kampani imeneyi. Ndi yotalika pafupifupi mamita 28.

Tsopano ikani zaka izi pamzele umodzi. Njanji yocokela ku Beira inayamba kumangidwa mu 1892, ndipo anchito ambili anafa ndi malungo m'madambo a Pungwe. Inafika ku Umtali, kumene lelo ndi Mutare, mu 1898, ndi ku Salisbury, kumene lelo ndi Harare, mu 1899. Mu 1902 Salisbury analumikizidwa ndi Bulawayo. Caka comweco azungu anapeza mtovu ndi zinki pamalo amene anacha Broken Hill, Kabwe wa lelo. Mu 1904 nyali ya ku Macuti inayaka. Mu 1905 ulalo wa pa Victoria Falls unatsegulidwa, ndipo omanga njanji anaika kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Mu 1906 sitima inafika ku Broken Hill, ndipo mu 1909 njanji inakhudza malile a Congo.

Zonsezi zinali ziwalo za nchito imodzi: mgodi, njanji, ulalo, doko ndi nyali. Njanji imene mumadumpha pa Kamwala popita m'tauni inali ndi mapeto ake, ndipo mapetowo anali pagombe limene nsanja ija ilondela. Migodi ikuluikulu ya ku Copperbelt itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi kuciyambi kwa za m'ma 1930, kopa yambili inayenda njila yomweyo. Amuna a m'midzi yathu, pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba, anapita kukakumba, kukasenza ndi kukakonza njanji. Ku Mozambique anzawo anali kugwidwa kukagwila nchito yokakamiza yochedwa chibalo. Nyaliyo inamangidwa kuti katundu afike bwino ku Ulaya. Anthu amene anakumba katunduyo, monga ambuya anga amene anali kumuona akupita, ambili anakalamba osaona nyanja.

Kuopsa kokhala ndi khomo limodzi kunaonekela patangopita caka cimodzi Zambia atalandila ufulu. Pa 11 November 1965, boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu wake popanda cilolezo ca Britain. Britain analetsa mafuta kupita ku Rhodesia, ndipo Rhodesia nayenso anatseka mafuta obwela kuno. Kuyambila mu 1966 mpaka 1975, zombo za nkhondo za Britain zinali kuyendayenda kunja kwa doko la Beira kuletsa zombo za mafuta kukatsitsa katundu wa Smith. Kuno kwathu petulo inayamba kugulidwa ndi makuponi. Mafuta ena anabwela pa ndeke, ena m'madilamu pa malole odutsa msewu woipa wa ku Dar es Salaam, umene madalaivala anaucha Hell Run cifukwa ca ngozi zake.

Boma la Kenneth Kaunda linatembenukila kumpoto. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, yocokela ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, makilomita pafupifupi 1,700, inatha mu 1968. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kucokela ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China kuyambila mu 1970 mpaka 1975. Mu January 1973 Smith anatseka malile a pa Zambezi. Atafuna kuwatsegulanso patapita milungu yocepa, Kaunda anakana, ndipo njanji ya kum'mwela inakhala yotseka kwa ife mpaka mu 1978. Ambuya amati m'zaka zimenezo dzina lakuti Beira linaleka kumveka pa siteshoni.

Beira nayenso anaona zake. Mozambique analandila ufulu pa 25 June 1975, koma posapita nthawi nkhondo ya paciweniweni inayamba, ndipo inatha ndi pangano la mtendele la ku Rome pa 4 October 1992. M'zaka za m'ma 1980 asilikali a Zimbabwe anali kulondela njanji, msewu ndi paipi za pakati pa Mutare ndi Beira. Anthu ambili a ku Tete anathawila ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia. Ndiyeno usiku wa pa 14 March 2019 cimphepo ca Idai cinagwela pa Beira penipeni, ndipo anthu opitilila 1,000 anafa ku Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Nsanja ya ku Macuti idakaimilila, ya mizele yofiila ndi yoyela, ndipo patsogolo pake pamcenga pali zotsala za combo cakale cimene dzimbili lakhala likudya zaka zambili. Lelo zombo zimayenda ndi GPS, koma malole a kopa, feteleza ndi mafuta a Zambia abwelelanso pamsewu wa ku Beira.

Mbili imeneyi ndiyo inatisankhila njila. Popita tidzatenga Great East Road mpaka ku Katete, n'kukhotela ku boda ya Chanida, n'kulowa m'cigawo ca Tete. Kumpoto kwa cigawoco anthu akamba Cicewa, conco tidzafunsa njila m'cilankhulo cathu m'dziko la eni. Malile amene analekanitsa Acewa a ku Mozambique ndi anzawo a ku Zambia ndi Malawi anagwilizana ndi Britain ndi Portugal mu 1891, caka comwe kampani ya ku Beira inapatsidwa dela lake. Tikaoloka Zambezi pa Tete tidzapitilila ku Chimoio, Inchope ndi Dondo. Njila imeneyi ndi yaitali, pafupifupi makilomita 1,400, ndipo ifuna kugona kawili popeza tili ndi ana ndi munthu wacikulile. Pobwela tidzatsata njanji yakale kucokela ku Beira mpaka ku Mutare ndi Harare, n'kudzalowela pa Chirundu, makilomita opitilila pang'ono 1,000.

August ndi mwezi wabwino cifukwa mvula ndi zimphepo za kunyanja zimabwela pakati pa November ndi April. Aliyense afunika pasipoti, ngakhale khanda. Motoka ifuna buku lake, kalata ya apolisi yoonetsa kuti si yakuba, ndi inshuwalansi ya dziko lililonse limene tidzadutsa. Ku Mozambique ndalama ndi metical, ndipo amayendetsa kumanzele monga kuno. Amalume anafuna tiwonjezeko nsanja ina ya pa kacisumbu ka Goa, pafupi ndi Ilha de Moçambique, koma ili kutali kumpoto, ndipo ndalama za mafuta zinakana.

N'tawelengela banja zonsezi, amai anayang'ana cifupikitso ca ndalama kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti aliyense wogwila nchito ayambe kuikako kanthu mwezi uliwonse kuyambila January. Mlongo wanga anafunsa ngati angasambe m'nyanja pafupi ndi combo cija. Ambuya anapempha zinthu ziwili: mpando wa kutsogolo, ndi kuti tsiku lofika ku Beira tipite ku Macuti tisanayambe kufuna malo ogona.