Bawo wa ku Linga: masewera amene anabwera ndi zombo za Jumbe

Katswiri wa bawo wa ku Zanzibar atati akhale pansi ndi mnzake wa ku Nkhotakota, mkangano ungabuke asanayambe n'komwe kusewera. Thabwa ndi lomwelo: mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64. Koma kwawoko, m'dzenje la makona anayi lija amati nyumba amayambamo ndi nkhomo 6, m'manja n'kutsala 22. Kuno timathiramo 8, m'manja n'kutsala 20. Wosadziwa angati nkhomo ziwiri n'chiyani, koma munthu amene amawerenga maenje m'mutu asanagwire nkhomo akuuzani kuti chiyambi chonse cha masewerawo chimasintha.

Masewera a maenje ali ponseponse m'chigawo chino. Ku Zambia kuli nsolo, ku Uganda kuli omweso, ndipo ntchuwa yokumba pansi timagawana ndi abale athu a ku Mozambique. Bawo yekha ndiye ali ndi nyumba, komanso gawo loyamba loponya nkhomo imodziimodzi kuchokera m'manja. Malamulo amenewa, pamodzi ndi mawu monga mtaji ndi kutakata, kwawo ndi kugombe la Aswahili, ndipo analowa kuno kudzera m'njira za malonda za Aswahili ndi Ayao. Doko lalikulu la njirazo kuzambwe kwa nyanja linali Nkhotakota.

M'zaka za m'ma 1840 kunafika Salim bin Abdallah, amene anthu amamudziwa ndi dzina loti Jumbe. Anakhazikika m'dziko la mfumu Malengachanzi, namanga linga, ndipo mpaka lero eni dera akamati akupita ku Linga amatanthauza ku boma. Malonda ake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo zikwizikwi ankawolotsedwa pa zombo kupita kutsidya la kuvuma, kenaka n'kuyenda wapansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika pamalopa mu 1861, nabweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene amati anakumanirapo ndi Jumbe ukadalipo. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 Angerezi anali atathetsa ufumu wa a Jumbe, tauni n'kumailemba kuti Kota Kota.

Ufumu unatha, koma Chisilamu chinatsala, ulimi wa mpunga unatsala, bawo nayenso anatsala. Si mbiri yokoma kuikamba, chifukwa njira imene inabweretsa thabwa ili ndi yomweyo imene inameza anthu athu. Komabe ndi mmene zinthu zinayendera.

Pitani kudoko masana, asodzi atatsitsa usipa n'kuyanika makoka. Pamthunzi mupeza thabwa lakuda ndi thukuta la manja, maenje ake atasalala, nkhomo zina zitalowedwa m'malo ndi timiyala. Wosewera amakhala duu kwa kanthawi, milomo ikugwedera pang'ono. Akangoyamba, dzanja limathamanga moti mlendo sangalitsatire: wadya apa, wazifesa mbali yake, zamufikitsa padzenje lina, wadyanso. Mu bawo nkhomo zimene wadya sumaziika pambali. Umazibweza pathabwa nthawi yomweyo, ndipo mnzako akhoza kukulandanso zonsezo. Wagonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watha psiti kapena alibenso poyenda. Oonerera saloledwa kuuzira, koma kutsokomola kwawo kumanena zambiri.

Azungu nawo ali ndi masewera awo a chuma amene anayendayenda m'mayiko, Monopoly, ogula ndi kubwereketsa malo mpaka anzako onse atashota. Gwero lake ndi The Landlord's Game, imene Elizabeth Magie analembetsa ku America mu 1904 pofuna kuonetsa kuipa kwa eni malo odyera masuku pamutu anthu a lendi. Mmene kampani ya Parker Brothers inkayamba kugulitsa Monopoly mu 1935, phunziro lija linali litatayika, pathabwa pali misewu ya ku Atlantic City. Kampani ya Waddingtons ya ku Leeds inachotsa mayinawo n'kuikapo a ku London, Old Kent Road wotchipa, Mayfair wodula, ndipo thabwa limeneli ndilo linafala m'mayiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain. Ku South Africa kunatuluka lawo, lokhala ndi Eloff Street, msewu wa ku Johannesburg umene agogo athu opita ku Joni ankaudziwa ndi mapazi. Mu 2012 mzinda wa Lagos unalandira lake, malo otchipitsitsa kukhala Makoko, mudzi wa asodzi womangidwa pamadzi, odulitsitsa kukhala Banana Island.

Pamatabwa onsewa a Monopoly chimene chimasintha kwenikweni ndi mayina ndi ndalama. Malamulo amachokera kwa mwini chizindikiro, amene lero ndi Hasbro, ndipo popanda chilolezo chake simungatulutse Monopoly wa ku Dwangwa kapena wa ku Chia. Ine ndimaona kuti bawo anazika mizu mozama kuposa pamenepo. Palibe anapempha chilolezo ku Zanzibar kuti awonjezere nkhomo m'nyumba. Anthu ankangosewera, mibadwo n'kumapatsirana, mpaka kaseweredwe kathu kanapatuka. Malamulo ake sali pa bokosi, n'chifukwa chake mkangano ukabuka pathabwa amaweruza ndi mkulu amene wakhala pafupi, ndipo chigamulo cha ku Linga sichikhala chofanana nthawi zonse ndi cha ku Mangochi.

Masiku ano osemasema amapanga matabwa opinda pakati, okongoletsedwa ndi njovu ndi ng'ona, n'kumagulitsa kwa alendo odzaona nyanja. Mlendo akafunsa kaseweredwe, wogulitsa sataya nthawi ndi za nyumba ndi mtaji. Amangothira nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse n'kumuonetsa bawo wophunzirira ana, ndipo mlendoyo amakwera ndege akukhulupirira kuti wadziwa bawo.