Kaonedwe ndi Kasinthidwe ka Dzina la Disiki pa Makompyuta a M'maofesi a Boma ku Ntcheu

Disiki iliyonse yosungira mafayilo, kaya ndi ya m'kati mwa kompyuta, hadi disiki yonyamula m'manja kapena fulashi yoyenda nayo m'thumba, ili ndi kamalo kolembapo dzina. Dzinali, lomwe akatswiri amalitcha lebulo, ndi lomwe limaoneka pambali pa chilembo cha E: kapena F: disikiyo ikalowetsedwa m'kompyuta, ndipo likhoza kuonedwa kapena kusinthidwa ndi lamulo limodzi lolembedwa popanda kufufuta chilichonse chosungidwamo.

Nkhaniyi imakhudza kwambiri maofesi a m'maboma monga Ntcheu, boma lomwe kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti lili ndi anthu 659,608. Chikhazikitsireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono m'chaka cha 1998, ntchito za umoyo, maphunziro ndi ulimi zimadutsa ku khonsolo, ndipo malipoti ochokera m'madera monga Tsangano, Lizulu, Kasinje ndi Bwanje amasonkhana pa boma. Komwe intaneti ndi yovuta, malipotiwa amayenda pa fulashi. Mafulashi asanu ofanana akakhala pa tebulo limodzi, onse olembedwa NO NAME kapena New Volume, ndi kosavuta kuti kalaliki afufute yomwe simayenera kufufutidwa.

Chilembo chomwe kompyuta imapereka kwa disiki sichodalirika. Pa Windows, fulashi yomwe lero ndi E: mawa ikhoza kukhala F: ngati ina yayamba kulowetsedwa. Pa Linux, mayina monga /dev/sdb ndi /dev/sdc amaperekedwa potengera disiki yomwe makina ayamba kuizindikira, choncho magetsi akazima n'kuyakanso, madisiki awiri akhoza kusinthana mayina. Lebulo imalembedwa m'disiki mwenimwenimo ndipo imapita nayo kulikonse.

Kutalika kwa dzina kumadalira kayalidwe ka disiki

Disiki isanayambe kugwira ntchito imayalidwa kaye, ndiye kuti imafomatidwa, mwa mtundu wina wake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi malire ake a dzina. Mafulashi ambiri amabwera ndi FAT32, yomwe kampani ya Microsoft idatulutsa mu 1996, kapena exFAT ya mu 2006. Pa Windows mitundu iwiriyi imalola zilembo 11 zokha. NTFS, yomwe idabwera ndi Windows NT mu 1993 ndipo ndi yomwe ili m'makompyuta ambiri a m'maofesi, imalola zilembo 32. Pa Linux, ext4, yomwe idakhazikika mu Disembala 2008, imalola 16 monganso ext2 ndi ext3 zomwe zidaitsogolera, pamene XFS imalola 12.

Zilembo 11 zimatha msanga m'Chichewa. Mayina a madera a mafumu monga Makwangwala, Chakhumbira ndi Tsikulamowa ali ndi zilembo 11 lililonse, kotero amadzaza malo onse pa fulashi osasiya mpata wa chaka. Dzina loti NTCHEU_ZAUMOYO lili ndi zilembo 14, choncho likwana pa NTFS ndi ext4 koma silingakwane pa FAT32 kapena XFS. Ofesi ikhoza kubwereka chidule cha NU, chomwe chimaimira Ntcheu pa nambala za galimoto, n'kulemba NU_UMOYO_25, dzina lomwe likwana ndendende.

Chaka cha chuma cha boma, chomwe kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, chimalembedwa ndi kamzere kopendekeka, monga 2025/26. Kamzereka ndi koletsedwa pa lebulo ya FAT32, pamodzi ndi kadontho, mpumiro, chizindikiro cha funso, nyenyezi ndi zizindikiro zina zingapo. Njira yake ndi kulumikiza manambalawo, monga NUCHUMA2526.

Palinso zinthu ziwiri za m'kalembedwe ka Chichewa zoyenera kuzipewa. Kankhodolero ka m'mawu monga ng'ombe ndi m'boma kamasokoneza Linux, pakuti makinawo amakatenga ngati chiyambi cha mawu ogwidwa ndipo amangodikira kena kotsekera. Chilembo cha ŵ, cha m'dzina la dziko lino likalembedwa mwa kale, chimadya malo a zilembo ziwiri pa ext4 ndipo pa FAT32 chikhoza kuoneka ngati chizindikiro chachilendo pa kompyuta ina. Dzina lotetezeka ndi la zilembo zazikulu wamba, manambala ndi kamzere kam'munsi m'malo mwa mpata.

Pa Windows

Wogwira ntchito amatsegula Command Prompt, ndipo ngati disikiyo ndi ya m'kati mwa kompyuta amaitsegula ndi chilolezo cha woyang'anira makina. Pofuna kuona dzina la disiki ya E: amalemba:

vol E:

Kompyuta imayankha ndi dzinalo pamodzi ndi nambala ya disikiyo. Posintha amalemba:

label E: NU_UMOYO_25

Lamuloli ndi lakale, lochokera m'nthawi ya DOS m'zaka za m'ma 1980, ndipo lili ndi msampha umodzi. Munthu akaiwala kulemba E:, dzina limapita pa disiki yomwe ali pa nthawiyo, yomwe kawirikawiri ndi C:. Palibe chimatayika, koma disiki yaikulu ya kompyuta imatsala ndi dzina la fulashi. Akalemba label E: popanda dzina latsopano, kompyuta imafunsa dzinalo, ndipo akangodina Enter imafunsa ngati akufuna kuchotsa lomwe lilipo.

Kuyambira pa Windows 8, PowerShell ili ndi lamulo la Get-Volume, lomwe limaonetsa madisiki onse, mayina awo, kayalidwe kawo ndi malo otsala. Kusintha kumachitika motere:

Set-Volume -DriveLetter E -NewFileSystemLabel "NU_UMOYO_25"

Ena amagwiritsa ntchito diskpart ndi lamulo lake la list volume poona mayina. Nalonso limagwira, koma diskpart ndi chipangizo chomwe chilinso ndi lamulo la clean, lomwe limachotsa magawo onse a disiki osafunsa kawiri. Pa ntchito yongoona dzina, Get-Volume ndi yabwino koposa.

Phindu lina la lebulo limaoneka pofomata. Lamulo la format likalozedwa pa hadi disiki yomwe ili ndi dzina, limayamba lafunsa kuti munthu alembe dzinalo, ndipo akalakwitsa limakana kupitiriza. Disiki yopanda dzina ilibe chitetezo chimenechi.

Pa Linux

Linux, yomwe Linus Torvalds adayambitsa mu 1991, imapezeka kwambiri pa maseva kusiyana ndi pa matebulo a makalaliki. M'dziko muno, makina olembera odwala omwe bungwe la Baobab Health Trust lidapanga ankagwiritsa ntchito Linux. Seva nthawi zambiri ilibe zithunzi zodina, kotero malamulo olembedwa ndiwo njira yokhayo.

Lamulo loyambira ndi ili:

lsblk -f

Limeneli limandandalika disiki iliyonse ndi magawo ake, kayalidwe kake, lebulo, nambala yaitali yotchedwa UUID ndi malo omwe yalumikizidwa. Lamulo la sudo blkid limapereka zofanana. Mkulu woona za makompyuta ayenera kuyamba ndi limodzi mwa awiriwa nthawi zonse, chifukwa ndi pomwe amatsimikizira kuti /dev/sdb1 ndi disiki yomwe akuiganiziradi.

Kusiyana ndi Windows, Linux ili ndi chipangizo chosiyana pa mtundu uliwonse wa kayalidwe. Pa ext2, ext3 ndi ext4:

sudo e2label /dev/sdb1 NU_BAKAPU

Lamulo lomweli likalembedwa popanda dzina kumapeto limangoonetsa lomwe lilipo, ndipo tune2fs -L imagwira ntchito yomweyo. Dzina likapitirira zilembo 16, e2label imachenjeza ndi kudula zotsalazo.

Pa fulashi ya FAT32 chipangizo chake ndi fatlabel, chomwe kale chinkatchedwa dosfslabel, pa exFAT ndi exfatlabel, pa NTFS ndi ntfslabel, ndipo zonsezi zimalembedwa mofanana ndi e2label: lamulo, disiki, kenaka dzina. Pa XFS dzina limatsogola:

sudo xfs_admin -L NU_BAKAPU /dev/sdb1

Madisiki a FAT32, exFAT, NTFS ndi XFS ayenera kumasulidwa kaye ndi sudo umount /dev/sdb1 asanasinthidwe dzina ndi zipangizozi. Disiki ya NTFS yomwe idazulidwa pa Windows mosatsata ndondomeko, kapena yomwe magetsi adazima ikugwira ntchito, ikhoza kukanidwa ndi ntfslabel. Pali njira yokakamiza, koma chanzeru ndi kuibwezera pa Windows, kuiyeza ndi chkdsk ndi kuichotsa bwino.

Pa makompyuta a Apple, diskutil list imaonetsa madisiki ndipo diskutil rename imasintha dzina.

Pomwe kusintha dzina kumabweretsa mavuto

Kusintha lebulo sikukhudza mafayilo, koma kumakhudza chilichonse chomwe chinkaitana disikiyo ndi dzina lakale. Pa Linux, fayilo ya /etc/fstab ndi yomwe imauza makina madisiki oyenera kulumikizidwa poyaka, ndipo mzere wake ukhoza kuoneka motere:

LABEL=NU_BAKAPU /mnt/bakapu ext4 defaults,nofail 0 2

Dzina likasinthidwa pa disiki koma osasinthidwa pa mzerewu, seva imafunafuna disiki yomwe kulibe. Vutoli silioneka tsiku lomwelo, pakuti disiki imakhala yolumikizidwa kale. Limadzaoneka makina akazima ndi kuyakanso, mwina patapita masabata, wosinthayo ali kumsonkhano ku Lilongwe kapena atasamutsidwa kupita boma lina. Popanda mawu a nofail, seva imaima panjira ndi kudikira munthu wodziwa mawu achinsinsi a woyang'anira. M'dziko lomwe magetsi amazimazima, monga zidakhalira namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuyakanso kwa makina sikuchedwa kufika. Choncho wosintha dzina akonze fstab nthawi yomweyo ndi kuyesa ndi sudo mount -a asanachoke pampando.

Mawu a nofail nawonso ali ndi mbali yake yoipa. Seva imayaka bwinobwino ngakhale disiki yosungira makope isanalumikizidwe, ndipo pulogalamu yokopera imapitiriza kulemba m'foda ya /mnt/bakapu, yomwe tsopano ili pa disiki yaikulu. Ofesi imakhulupirira kuti ili ndi makope apadera pamene zonse zili pa disiki imodzi, yomwenso ikudzaza mwakachetechete. Lamulo la lsblk -f limaulula zimenezi msanga, chifukwa malo a kulumikizidwa kwa disikiyo amakhala opanda kanthu.

Pa makompyuta a Linux a pa tebulo, fulashi imalumikizidwa yokha m'foda yotenga dzina la lebulo, pansi pa /media kapena /run/media. Dzina likasintha, njira ya fodayo imasinthanso.

Madisiki awiri a dzina limodzi ndi vuto lina. Makina saletsa zimenezi, koma onse akalowetsedwa pamodzi, /dev/disk/by-label imaloza imodzi yokha, ndipo palibe chitsimikizo kuti ndi iti. N'chifukwa chake mitundu yambiri ya Linux, kuphatikizapo Ubuntu, imalemba UUID mu fstab m'malo mwa lebulo. UUID ndi yovuta kuiwerenga koma siifanana mwangozi, kupatula pamene disiki yakopedwa yonse ndi lamulo monga dd, lomwe limatengera dzina ndi UUID yomwe. Pa seva, UUID ndi yoyenera makina, ndipo lebulo ikhale yothandiza munthu woyang'ana.

Lebulo isasokonezedwe ndi dzina la gawo la disiki. Madisiki ogawidwa mwa njira ya GPT ali ndi dzina lachiwiri, lofika zilembo 36, lomwe blkid imalionetsa ngati PARTLABEL. Ili limakhalabe ngakhale gawolo litafomatidwa, pamene lebulo imafufutika pamodzi ndi mafayilo.

Zolembedwa pa dzina

Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Access to Information Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020 ndipo limapatsa nzika ufulu wopempha uthenga wosungidwa ndi maofesi a boma, komanso Data Protection Act ya 2024, yoteteza uthenga wokhudza anthu. Ofesi yomwe ikudziwa zomwe zili pa disiki iliyonse imayankha msanga pempho lotere, ndiponso imathandizika akabwera ofufuza za chuma.

Komabe lebulo imaoneka kwa aliyense wotola disikiyo. Dzina la wodwala, la wolandira thandizo kapena mawu ofotokoza matenda sayenera kulembedwapo, ndipo dzina la nthambi ndi chaka ndi zokwanira. Lebulo sitseka kanthu. Disiki yokhala ndi mayina a anthu, nambala za ziphaso za unzika kapena malipiro imafunika kutsekedwa ndi BitLocker pa Windows kapena LUKS pa Linux.

Dzina lomwe lalembedwa m'makina lilembedwenso ndi cholembera pa kapepala komata kunja kwa disikiyo, ndiponso m'kaundula wa katundu wa ofesi pamodzi ndi nambala yomwe vol kapena blkid yaonetsa, kuti wolandira ofesi pa nthawi yosiyirana ntchito athe kufananiza zitatuzi asanasayine.