Banja la Grill ndi Baisikopo ya ku Livingstone

Munthu woyenda pa mseu waukuru wa ku Livingstone, umene kale unali kuchedwa Mainway koma tsopano uchedwa Mosi-oa-Tunya, aona cinyumba cakale ca dzina lakuti Capitol. Alendo ambiri angocipitirira, mtima uli ku mathithi. Koma ife tiyambe taima pakhomo pace, pakuti cinyumbaco cinaona zambiri.

Mudzi wa Livingstone unayamba kukula m'caka ca 1905, pamene anatsiriza ulalo wa njanji pa Zambezi, ndipo m'caka ca 1911 unasanduka likulu la dziko lonse la Northern Rhodesia. Mwa anthu amene anafika masiku amenewo munali Ayuda ocokera kum'mawa kwa Ulaya, othawa umphawi ndi mazunzo. Ena, monga abale awiri aja a Susman, analemera ndi malonda a ng'ombe za kwa Alozi. Banja la Solomon Grill, limene linakwatitsa mwana wao Annie kwa Harry Susman, linaona kuti anthu a Boma ndi a njanji analibe kopita dzuwa litalowa, ndipo linayamba kuwaonetsa baisikopo. Zithunzi zoyambazo zinali zosalankhula. Mau a osewera anali kungolembedwa pansaru.

M'caka ca 1931 banjali linamanga Capitol, zithunzi zolankhula zitayamba kale kumveka kunja. Dzinalo linali loyenera mudzi wa Bwanamkubwa, koma tsoka sasimba: patangopita zaka zinai, mu 1935, Boma linasamukira ku Lusaka, ndipo akalaliki ndi mabwana ambiri amene akadadzaza mipando anapita nalo pamodzi. Nchito yotere siinali yopepuka ngakhale pa masiku abwino. Mwini baisikopo sanali kugula zithunzi, koma kubwereka ndi ndalama. Zambiri zinali kucokera ku Johannesburg, kumene kampani ya I. W. Schlesinger inagwira malonda onsewo m'dzanja lace, ndipo zinali kubwera pa sitima m'zitini. Cithunzi cikalephera kukoka anthu, wotaya ndalama anali mwini nyumba, osati wa ku Johannesburg.

Tsono pali funso limene sitiyenera kulilumpha: kodi olowa m'nyumba zotere anali ayani? M'matauni a dziko lino baisikopo za mipando yofewa zinali za Azungu. Munthu wakuda, ngakhale ndalama iri m'manja, anali kubwezedwa pakhomo. Makolo athu anali kupenyera zithunzi pabwalo, makamaka m'makomboni a ku migodi, atakhala pansi, ndiponso zithunzizo zinali zitayamba zapimidwa ndi kudulidwa, poopa kuti Mwafirika angaone Mzungu alikucita zamanyazi. Nthawi zina anali kudula kwambiri kotero kuti nkhani yace siinali kumvekanso mutu. Koma anthu sanaleke kupita. Anakonda makaboyi, ndipo mwamuna ali yense wolimba nkhonya pansarupo anamucha Jack. Ndiganiza kuti mlandu wa tsankhuli sitingausenzetse banja limodzi, popeza unali mwambo wa Boma ndi wa ogula matikiti omwe. Komabe ncinthu comvetsa cisoni kuti anthu amene anathawa tsankhu kwao anadzapeza cakudya m'nchito yokhala ndi khomo lotsekera ena.

Lamulo loletsa tsankhu m'mabaisikopo ndi m'nyumba zodyera linayamba kugwira nchito m'caka ca 1960. Pamene khomo linatsegukira onse, masiku a malondawo anali atayamba kupendeka. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zakunja zobwerekera zithunzi zinasowa. Pambuyo pace mavidiyo analowa m'nyumba za anthu. Mabanja a Ciyuda nawonso anacoka m'modzi-m'modzi, kotero kuti sunagoge wao wa ku Livingstone, amene anayamba kumangidwa mu 1928, anasanduka chalichi ca Akristu.